Ndinamuuza Kuti Awerame

Sand Fork, Texas
20 Epulo 1952

Okondedwa amake Mirta,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, Mirta ndi apongozi anga mayi Fefa. Mwendo wawo uja uli bwanji? Ine ndinafika bwino, kungoti basi inanditupitsa mawondo ndipo fumbi la kuno likundikanda kukhosi. Dziko lake ndi lopanda mitengo. Ukayang'ana uku ndi uko umangoona zitsulo zopopa mafuta zikugwedeza mitu tsiku lonse.

Ndapeza chipinda kwa mayi Ybarra, mayi wamasiye wa ku Mexico, madola asanu ndi awiri pa sabata pamodzi ndi chakudya. Nyemba zawo amathira tsabola ngati akulanga munthu, koma bola kumeneko ndimadyera patebulo. Malo ena odyera m'tauni muno ali ndi khomo la kumaso ndi khomo la kuseri. Zimenezo tidzakamba ndikadzabwera.

Besibo ya kuno, mpira womenya ndi chibonga uja, ndi yomwe ija ya kwathu, ndipo ntchito yanga sinasinthe: kunyonyomala kumbuyo kwa womenya, kuwakha mpira, ndi kuuza woponya ndi zala mpira woti atumize. Chala chimodzi wowongoka, ziwiri wokhota. Mwamwayi zala sizifuna Chingerezi, pakuti m'timu yonse wa ku Cuba ndine ndekha. Mkulu wa timu ndi bambo Tackett, munthu wosayankhula, amangotafuna fodya n'kumalavula. Pali wowakha wina dzina lake Pruitt, mwana wa m'tauni momwemuno, bambo ake amagulitsa magalimoto. Chaka chatha chigoba chotchinga kumaso ankavala ndi iyeyo, chaka chino andipatsa ine. Amandisekerera mano onse pamtunda, ndipo munthu wondisekerera chotero ndisanamuchitire kanthu ine ndimayenda naye mosamala.

Ndamva kuti mlongo wanu Lao wasayinadi ku Mesa Prieta, uko ku New Mexico, ndiye tizikumana m'bwalo chaka chonse. Muwauze apongozi kuti ndizimuyang'anira, ngakhale kuti iye azibwera ndi chibonga kudzandilanda chakudya pakamwa.

Ndatumiza madola makumi atatu pa positi. Mugule kamwana ka nkhumba kwa Chano kuti tidzaphe pa Khirisimasi, koma mukayang'ane kaye m'kamwa ndi m'makutu, Chano si munthu womugula chinthu utatsinzina. Zotsalazo musungire malata, mphepo ya Okutobala isadzatipeze ndi denga lomwe lija.

Ndine mwamuna wanu,
Eulogio

Sand Fork
25 Meyi 1952

Okondedwa amake Mirta,

Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi chithunzi. Mwanayu wakula, koma n'chifukwa chiyani mwamudula tsitsi? Ine ndili bwino, chala chamkombaphala chokha ndicho chinathetheka pang'ono, ndachimanga ndi pulasitala.

Timu ikuchita bwino moti anthu a m'tauni ayamba kunena za chikho. Ine ndimati akufulumira, koma bwalo likudzaza.

Sabata yatha tinali ku Mesa Prieta ndipo ndinamuona Lao. Wanenepa, wasunga tindevu ta pamlomo, akuyenda ngati bwalolo anagula ndi ndalama zake. Atangofika pomenyera anayamba zake zija.

"Alamu, mwawonda. Achemwali sakukulemberani kodi?"

"Yang'ana mpira iwe, usandiyang'ane ine."

"Nkhumba ija mwagula, kapena Chano wakugulitsani galu wometa?"

Ndisanayankhe n'komwe, anali ataumenya mpira kuutulutsa kunja kwa mpanda. Kuno munthu akatero, owonerera amalowetsa ndalama zamapepala m'mawaya kuti atole. Mlongo wanu anayenda mpanda wonse akuthyola madola ngati akuthyola khofi. Anabwerezanso kachiwiri tsiku lomwelo, ndipo tinaluza.

Woponya wathu tsiku limenelo anali Stancil, chimunthu chachitali cha mtima wapachala. M'chipinda chovulira anaponya gulovu yake kukhoma. Kenaka bambo Tackett anandiitana, nandifunsa pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi mwana, kuti ine ndi womenya uja timakambirana chiyani m'chinenero chathu. Ndinawauza zoona, ndinati, "Nkhumba, bwana." Ndimayesa aseka. Palibe anaseka, kupatula Pruitt, ndipo kuseka kwake sikunali kwa nthabwala.

Wowakha aliyense amacheza ndi omenya, amake Mirta, ndi mmene ntchitoyi imakhalira. A kunowa nawonso amacheza m'Chingerezi tsiku ndi tsiku, za akazi ndi za nyengo. Kusiyana kwake n'kwakuti zawozo woyimbira masewero amamva.

Ndatumiza madola makumi awiri ndi asanu. Mirta mumugulire nsapato zoyera za tsiku lolandira Ukaristia, zokulirapo pang'ono. Nkhumba muziipatsa makoko a chinangwa, osati chimanga chogula. Amene akubwera kudzayeza denga ndi ndani? Simunatchule dzina.

Mwamuna wanu,
Eulogio

Sand Fork
22 Juni 1952

Okondedwa amake Mirta,

Moni nonse kumeneko. Ndasangalala kumva kuti apongozi ayamba kuyenda opanda ndodo. Za mmisiri ndamva, ngati ndi mkulu uja wa kutchalitchi palibe vuto, ndimangofunsa. Ine thupi lili bwino, tulo ndiye tikuvuta chifukwa cha kutentha.

Tili pamwamba pa matimu onse. Aliyense tikumugonjetsa kupatula Mesa Prieta, ndipo ku Mesa Prieta kulibe wina wotivuta koma mlongo wanu. Akakumana ndi matimu ena amamenya ngati munthu wamba, akakumana ndi ife amachita ngati mpira wamuuza kale kumene ukupita. Ine chifukwa chake ndikuchidziwa. Tinakula tikusewera limodzi opanda nsapato kuseri kwa fakitale ya shuga, ndipo Lao amadziwa mutu wanga kuposa mmene ndimaudziwira ndekha. Ndikaganiza zomusinthira, iye waganiza kale kuti ndisintha. Koma zimenezi ndingazifotokoze bwanji ndi Chingerezi changa cha m'sitolo?

Ndinaganiza zongokhala chete. Masewero athunthu sindinatsegule pakamwa, Lao akundiputa, ine duu. Anamenyabe. Madzulo ake mayi Ybarra anandiuza zimene anamva kumsika, kuti Pruitt akuuza anthu kuti kukhala chete kwangako ndiye chizindikiro chimene tinapangana. Ndikayankhula ndamutsina khutu, ndikakhala chete ndamutsinanso khutu.

Tsopano Stancil ndikamupatsa chala amapukusa mutu, ndikamupatsa ziwiri amapukusanso. Ndikalowa m'chipinda chovulira nkhani zimatha. Lachinayi ndinapeza wina atamata pulasitala pachigoba changa, pamalo a pakamwa. Sindinafunse kuti ndani, ndinangomatula n'kuvala. Masewero awiri otsatira bambo Tackett anamuveka Pruitt chigobacho, ine ndili pabenchi, amati mawondo anga apume. Mawondo angawo sanadandaule kwa munthu.

Izi musawauze apongozi, ndipo musamulembere Lao. Kodi m'makalata ake amatchulako za ine? Amati chiyani? Sikuti ndikumuganizira zoipa, koma munthu akamathyola madola m'mawaya pakamwa pamamasuka, ndipo nthabwala imodzi yokha yoti mlamu wake amamuthandiza ingathe kundikweza basi yobwerera kumudzi.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, ndinagula nsapato zosewerera. Malata mugule theka kaye.

Mwamuna wanu,
Eulogio

Sand Fork
20 Julaye 1952

Okondedwa amake Mirta,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino kwambiri, ndipo nkhani ija yatha, musaiganizirenso.

Inatha chonchi. Bambo Tackett anandiitana m'kaofesi kawo, nandiuza kuti iwo alibe mlandu ndi ine, koma timu singapite ku chikho woponya asakukhulupirira womuwakhira. Anati ngati mnyamata uja si mnzanga wa chinyengo, ndimunamize. Owakha onse amanamiza omenya, si tchimo, ndi mbali ya masewero. Inenso ndanamizapo anthu ambiri kwathu ku Cruces ndi ku Cienfuegos, tikatha n'kukamwera limodzi khofi.

Loweruka Mesa Prieta inabwera kuno. Chakumapeto, ife tili patsogolo ndi chigoli chimodzi, iwo ali ndi anthu awiri m'bwalo oyembekezera kugoletsa, Lao anafika pomenyera. Ndinamupatsa Stancil chala chimodzi, kenaka ndinanong'ona kuti, "Lao, ukubwera wokhota." Anaseka osacheuka, nati ndisiye zibwana. Ndinaona kuti sakodwa, ndiye ndinawonjezera kuti, "Ndikulumbira pa Zoila, mlongo wako. Andizunza mokwanira anthuwa."

Anakhulupirira. Anadikira wokhota, wowongoka n'kumudutsa chibonga chili paphewa, masewero n'kuthera pomwepo. Anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali ndi chigoba kumaso, ndipo ndinathokoza kuti ndinali nacho.

Dzina lanu ndinalitchula chifukwa panalibe china chimene akanamvera. Musakwiye, ndi mawu a m'bwalo, amathera m'bwalo momwemo.

Stancil anandinyamula m'mwamba anthu akuona, ndipo madzulo anandigulira mowa, woyamba chibwerere kuno. Anautulutsa panja poti ine mkati salola, tinamwera pa galimoto. Pruitt anandigwira chanza, dzanja lake lili zii ngati nsomba.

Mayi Ybarra anaphika mpunga ndi nyemba zakuda monga ndinawaphunzitsira, poti Lao akabwera kuno amadzadya kwathu. Tinamudikira mpaka chakudya chinazizira. Mwina basi yawo inanyamuka msanga.

Ndatumiza madola makumi anayi. Malizitsani malata, ndipo mugule nsalu ya diresi yanu, ya maluwa achikasu ija munkaiyang'ana kwa Mtchaina.

Mwamuna wanu,
Eulogio

Sand Fork
31 Ogasiti 1952

Amake Mirta,

Moni. Ndili bwino. Kalata yanu inatenga nthawi, ndipo itafika ndinaiwerenga kamodzi kokha, sinafune kubwereza.

Ndiye Lao analembera amayi ake. Ine ndinakupemphani kuti za m'bwalo zisafike kwa apongozi, koma iye waziika pa positi ndi sitampa. Mukuti ndinagulitsa dzina lanu ndi botolo la mowa. Nanga malata amene akukutchingirani mvula panopa anachokera kuti? Ndikanakwera basi mu Julaye, bwenzi pano ndikudikira nyengo yodula nzimbe ngati amuna ena onse a mumsewu wathu. Nsalu mwati simunagule. Chabwino, ndalamayo musunge, koma musaibweze kuno.

Komabe sindikubisirani, zikundiwawa. Takumana ndi Mesa Prieta kawiri chichitikire zija, ndipo Lao sandiyankhula. Ndikati moni amakumba dothi ndi nsapato. Ndinamufunsa za mwendo wa amayi ake, anangolavula kumbali. Makutu watseka, ndipo chitsekereni makutu wayambanso kumenya kuposa kale. Tsopano amaima pafupi kwambiri, mutu ataweramira kumene mpira umadutsa, ngati akuti aone amene angamusunthe.

Ife tamaliza pamwamba, iwo achiwiri, ndiye chikho tilimbirana ndi iwowo basi. Masitolo onse apachika nsalu za timu. Bambo Tackett andiuza kuti tikatenga chikho, chaka chamawa malo anga alipo, ndipo angathe kunditchula kwa anthu a timu yaikulu. Pruitt anali pakhomo pamene ankanena zimenezi, akumanga zingwe za nsapato zomanga kale.

Pali chizindikiro chachitatu chimene sindinakuuzenipo, poti chaka chino sindinachiperekepo. Ndi chala chachikulu. Wowakha akachigwedeza, woponya amalunjikitsa mpira kumutu kwa womenya kuti amuchotse pamene waima. Womenya amadzigwetsa m'fumbi, amadzuka, amadzisansa, ndipo akabwerera amaima patali. Zimachitika sabata iliyonse, matimu onse amachita, ndipo munthu woona msanga savulala. Kungoti kumutu timavala kapusi kansalu basi, ndipo mpira wa Stancil sumveka kubwera kwake. Masiku ano Stancil akandidutsa amandionetsa chala chachikulu n'kutsinzinira diso limodzi. Mwina akungosereula.

Nkhumba mwati yakula mpaka yathyola khola. Muuzeni Chano akonze, ndi iye anatigulitsa chilombo.

Mwamuna wanu ndithu,
Eulogio

Sand Fork
14 Sepitembala 1952, Lamulungu m'mawa

Okondedwa amake Mirta,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndikulemba mofulumira, kalatayi ndiiponya pa positi popita kubwalo.

Tafanana, iwo apambana masewero atatu, ife atatu, lero masana ndiye omaliza. Mwa atatu awowo, awiri anapambanitsa ndi Lao yekha.

Dzulo bambo Tackett anandiuza mosazungulira. Lero Lao akangofika pomenyera koyamba, chala chachikulu. Ndikakana, chigoba avala Pruitt, ine ndikatenge chikwama changa. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Akavala Pruitt chalacho chiperekedwabe, ndipo kumbuyo kwa Lao kudzakhala munthu wosamufunira zabwino. Ndikavala ine, ndingathe kumuchenjeza m'chinenero chathu, awerame nthawi ilipo. Ndiye ndavomera.

M'mawa uno ndinapita ku hotela kumene agona kuti ndimuuziretu. Ndinatuma uthenga, anabweza kuti alibe mlamu ku Texas. Ndikanakwera ndekha kuchipinda kwake, koma kutsidya kwa msewu kunali galimoto ya bambo ake a Pruitt, Pruitt yemweyo ali mkati akuwerenga nyuzi. Ndinabwerera.

Palibe kanthu, ndikamuuza pomenyera pomwepo. Lao ali ndi maso akuthwa, ndipo anagwapo m'fumbi kambirimbiri. Ndikudziwa kuti kalatayi ifika zonse zitatha kale, komabe mukayatse kandulo kwa Amayi Maria a ku Cobre.

Eulogio

Chipatala cha Sand Fork
28 Sepitembala 1952

Zoila,

Sindikufunsa ngati uli bwino, ndikudziwa kuti suli bwino. Telegalamu yanga inafika, ndipo ndamva kuti nyuzi ya kuno inafikanso, mwana wa Chano n'kuwawerengera apongozi m'chinenero chathu. Kuchokera kwa iwe sindinalandire kanthu. Ndiye ndikulemba zonse mmene zinayendera, ukatha uchite nazo zimene ufuna.

Lao ali moyo. Anagona osadziwa kanthu mpaka Lachitatu, tsopano akudya ndipo akuyenda pang'ono m'khonde atandigwira phewa. Diso la kumanzere adokotala akuti silidzaonanso. Za mpira asaziganizirenso.

Atafika pomenyera tsiku lija ndinagwedeza chala chachikulu, inde, ndi dzanja langa lomweli. Stancil asanakweze mwendo ndinayankhula, osati monong'ona, mokweza ndithu.

"Lao, werama. Ukubwera kumutu."

Sanacheuke.

"Lao, si masewera. Ndikulumbira pa Mirta."

"Mu Julaye munalumbira pa Zoila," anatero.

Ndipo anasendera pafupi. Anaganiza kuti ndikufuna achokepo kuti wokhota umudutse kunja, ndiye anatsogoza mutu kuudikira. Ndinakuwa dzina lake mpira uli kale m'njira. Kulira kwake kwa mpira pamutu sindikulembera.

Anamunyamula pa chitseko, masewero n'kupitirira, poti amapitirira nthawi zonse. Ndinafuna kuvula chigoba, woyimbira anandiuza kuti ndinyonyomale. Ndinanyonyomala. Tinapambana, chikho tinatenga, koma usandifunse zigoli chifukwa sindikuzikumbuka.

Woyimbira uja anamva kuti ndinayankhula, koma chinenero chathu sachidziwa. Anauza bambo Tackett, bambo Tackett anauza wa nyuzi, ndipo onse anamva mmene anafunira, kuti ndinamunyengereranso ngati mu Julaye kuti aike mutu panjira ya mpira. Ndinakana, ndinati ndimamuchenjeza. Bambo Tackett anandisisita pamsana n'kutsinzinira diso, nati ndisadandaule, iwo sauza munthu. Chaka chonse ndinali wosalakwa, ankandiyesa wachinyengo. Lero akundikhulupirira ndi mtima wonse. Anatiyendetsa m'tauni pa lole ya ozimitsa moto, anatipatsa wotchi aliyense, ndipo malo odyera aja andiuza kuti ndizilowera khomo la kumaso. Pepala la chaka chamawa andipatsa, lili m'chikwama, sindinasayine.

Mboni yanga inali imodzi, Lao yemweyo, ndipo tsiku lonselo lafufutika m'mutu mwake. Amakumbuka akudya m'mawa ku hotela, basi. Mu Julaye ndiye akukumbuka bwinobwino. Dzulo ndikumumeta ndevu anandigwira dzanja.

"Alamu, anamwino akuti munandiyankhula tsiku lija. Munati chiyani?"

"Ndinati uwerame."

Anandiyang'ana ndi diso lotsalalo nthawi yaitali, monga anandiyang'anira mu Julaye, koma ulendo uno ndinalibe chigoba.

"Mwina," anatero, n'kundisiya ndimalize kumumeta.

Adokotala akuti pakati pa Okutobala angathe kuyenda ulendo. Ndimubweretsa ndekha, pa basi mpaka ku Miami, kenaka sitima ya pamadzi. Wotchi ndagulitsa, ikwanira matikiti. Ukonze chipinda cha kuseri, bedi liyang'ane kukhomo kuti aziona wolowa. Nkhumba ikhale ya apongozi yonse, aphe kapena agulitse.

Ndinalumbira pa iwe monama ndipo anandikhulupirira, ndinalumbira pa mwana wathu moona ndipo sanandikhulupirire. Ndilibe chinanso cholumbirira, Zoila. Ndingokuuza chabe kuti ndinamuuza awerame.

Ndiyankhe kwa mayi Ybarra tisananyamuke. Ndikamufikitsa Lao pakhomo, ndilowe naye, kapena ndisiye chikwama chake pakhonde ndipitirire kwa achimwene ku Cienfuegos?

Eulogio